Chinkhupule chomwe ndi nyama

Ine ndinakula ndikudziwa chinkhupule choyanga pampanda, chimene timasambira chija. Ndiye tsiku limene ndinamva kuti m'nyanja zamchere muli chinkhupule china, siponji, chomwe ndi nyama, ndinangoseka. Nyama yanji yopanda mutu, pakamwa, ubongo ngakhale mimba?

Komatu ndi nyamadi. Ikakula imamatirira pamwala osachokanso, ndipo thupi lake ndi timabowo tokhatokha. M'kati mwake muli timaselo tokhala ndi kamchira kamodzikamodzi. Timichirato tikamakupiza, madzi amalowa m'timabowo, tizilombo tosaoneka ndi maso n'kutsalira momwemo kukhala chakudya, madziwo n'kutulukira pabowo lalikulu. Kudya kwake n'komweko basi. Mitundu yodziwika imaposa 8,000, ndipo ina yochepa imakhala m'madzi opanda mchere, ngakhale m'Nyanja ya Malawi momwemu.

Chimene chimandithetsa nzeru ine n'cha mu 1907. Katswiri wina wa ku America, Henry Wilson, anafinyira siponji pansalu ya silika mpaka inasanduka ngati phala. Maselo aja anayamba kufunafunana, n'kuumbananso kukhala timasiponji tatsopano tamoyo. Inu kayeseni zimenezo ndi nkhuku yanu, mudzandiuze.