Baseball: fulaye wa akuluakulu, ganyu wa mizere

Pa 26 Epulo 2017, mumzinda wa Pittsburgh ku America, timu ya Pirates inagonjetsa Chicago Cubs 6-5. Tsiku limenelo Gift Ngoepe wa ku South Africa anakhala munthu woyamba wobadwira ku Africa kusewera mu ligi yaikulu ya baseball. Mnyamatayu anakulira m'kachipinda ka pabwalo la timu ya Randburg Mets, pomwe mayi ake ankagwira ntchito. Koma ukafotokoza zimenezi pano pa Kayelekera, anthu amangofunsa kuti nanga amachinya bwanji poti golo palibe.

Amene anasewerapo fulaye wamva kale theka la nkhani. Pa baseball matimu ndi awiri, iliyonse ya anthu 9. Ina imamwazikana pabwalo kudikira mpira, ina imabwera mmodzimmodzi ndi chibonga m'manja. Akafa atatu, amasinthana. Kusiyana kwake n'kwakuti pa fulaye timagenda munthu, pomwe kuno woponya amafuna mpira udutse pafupi ndi womenya iye osaukhudza. Amauponya kuchokera pa mamita 18, ndipo kawirikawiri umathamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Kuuphonya katatu, wafa. Ukaumenya m'mwamba wina n'kuuwakha usanagwe, wafanso. N'chifukwa chake womenya bwino katatu pa maulendo 10 amatchedwa katswiri. Pasukulu, wopeza zimenezo akanabwereza kalasi!

Nanga chigoli? Ganizani mvula ya Malichi yakupezani pamsika, ndipo pali makonde anayi otalikirana mamita 27. Mukakhala pakhonde simunyowa. Ngozi ili pakati. Womenya akaumenya mpira amataya chibonga n'kuthamangira khonde loyamba, ndipo mpira ukakafika iye asanapondepo, wafa. Akafika bwino amausa pomwepo, kudikira mnzake amenye kuti iye asunthe. Wozungulira makonde onse n'kubwerera pomwe anayambira ndiye wachinya chigoli chimodzi. Womenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa mpanda amazungulira mosatekeseka, pamodzi ndi onse amene anausa. Ngoepe, ulendo wake woyamba kugwira chibonga, anamenya mpira wa woponya wa Cubs, Jon Lester, n'kufika pakhonde loyamba ali wouma.

Chomwe chimandikoka ine ndi nthawi. Mpira wamiyendo uli ngati shifiti ya kumgodi wa uranium uwu wa Kayelekera: nthawi ikakwana waweruka, ntchito yatha kapena ayi. Timu yotsogola imangogwagwa dala kuti mphindi 90 zithe. Baseball ndi ganyu wa mizere. Mwagwirizana mizere 9, ndipo suchoka m'munda usanaimalize, kaya dzuwa lalowa. Mzere uliwonse umatha matimu onse akamenya n'kufa atatuatatu. Mukafanana zigoli, mwini munda amawonjezera mzere wina, kenako wina, mpaka apezeke wopambana. Pa 27 Okutobala 2025, Los Angeles Dodgers ndi Toronto Blue Jays analima mizere 18, maola oposa 6, kufikira Freddie Freeman wa Dodgers atatulutsa mpira kunja kwa mpanda, Dodgers n'kupambana 6-5.

Choncho mukadzapeza baseball pa TV, musafunse kuti kwatsala mphindi zingati. Funsani kuti ali pamzere wachingati, ndipo afa angati.