Mphika wa ku Leiden M'dziko la Eni

Ntchito ya makompyuta yatulutsa Adatchi ambiri m'dziko lao. Mmodzi wodziwika ndi Guido van Rossum, amene adayambitsa chiyankhulo cha Python ndipo adasamukira ku America m'chaka cha 1995. Munthu wotere amagwira ntchito m'Chingerezi tsiku lonse, nawonso ana ake amakula akuyankhula za eni dziko. Nanga adzadziwa bwanji kumene adachokera?

Adatchi ena amawaphunzitsira pa mbale. Pa 3 Okutobala amaphika hutspot, chakudya cha mbatatesi, karoti ndi anyezi zophwanyira pamodzi, ndipo pakudya kholo limasimba mbiri yake. M'chaka cha 1574 asilikali a ku Spain adazinga mzinda wa Leiden kufikira anthu adayamba kufa ndi njala. Adatchi adagumula makoma otchinga madzi, minda idasefukira, ndipo zombo zidayandama pamwamba pa mindayo kudzapulumutsa mzinda, zitanyamula nsomba ndi buledi woyera. Adani adathawa usiku. Nthano imati adasiya mphika wa chakudyachi pamoto, ngakhale kuti masiku amenewo mbatatesi inali isanayambe kudyedwa kumeneko.

Mwana wobadwira ku California sadziwa kuopsa kokhala pansi pa msinkhu wa nyanja monga makolo ake. Koma akadya hutspot chaka ndi chaka namva za Leiden, tsiku lina adzafunsa yekha za madziwo. Kholo likaleka kuphika, funso limenelo silidzabweranso.