Mashelefu a mabuku a mu kompyuta

Nthawi yokolola ikakwana, mayi sasakaniza mbewu. Nyemba amaika m'dengu lake. Mtedza amaika m'dengu lina. Akafuna nyemba, savutika kufunafuna.

Mabuku nawonso amafuna kusanjidwa bwino. Munthu akakhala ndi mabuku ambiri, amalemba maina ake pa mndandanda. Kale ankalemba m'kope. Lero ena amalemba pa kompyuta kapena pa foni, pogwiritsa nchito intaneti.

Malo amodzi olembapo maina a mabuku dzina lake ndi Goodreads. Anayamba nchito m'caka ca 2007, ku America. M'caka ca 2013, kampani ya Amazon inawagula. Anthu a m'maiko ambiri amalembapo mabuku awo.

Mashelefu atatu oyamba

Pa Goodreads, gulu la mabuku limachedwa shelefu. Si shelefu ya matabwa ayi. Ndi dzina cabe, lolembedwa pa kompyuta. Buku lenileni limakhalabe kunyumba, m'bokosi kapena m'cikwama.

Munthu akangoyamba, amapeza mashelefu awa alipo kale:

1. Mabuku amene wawerenga.
2. Mabuku amene akuwerenga tsopano.
3. Mabuku amene akufuna kuwerenga.

Mashelefu atatu amenewa safufutika.

Mashelefu atsopano

Mwini mabuku angathe kupanga mashelefu ena. Amawapatsa maina amene wakonda. Ina angaiche "Nthano". Ina angaiche "Nyama". Ina angaiche "Masamu".

Nanga buku la nthano ya Kalulu lipite kuti? Ndi nthano. Komanso limakamba za nyama. M'nyumba, buku limodzi silingakhale pa mashelefu awiri. Koma pa kompyuta zimatheka. Dzina lake limaoneka pa "Nthano", limaonekanso pa "Nyama". Buku ndi limodzi lomwelo.

Kucotsa shelefu

Mashelefu akaculuka, mwini wake amasokonezeka. Ina ilibe buku ngakhale limodzi. Ina dzina lake linalembedwa molakwika. Dzina lolakwika angathe kulikonza. Shelefu yosafunika angathe kuicotsa.

Ena amaopa. Amaganiza kuti shelefu ikacoka, mabuku apita nayo. Si conco. Dengu likabooka, mayi amataya dengu, koma nyemba sataya. Shelefu ya "Nyama" ikacotsedwa, buku la Kalulu limatsala pa mndandanda. Limaonekabe pa "Nthano".

Kucotsa buku

Kucotsa buku ndi nkhani ina. Pamenepa pamafunika kusamala. Munthu akawerenga buku, amalipatsa nyenyezi, kuyambira 1 mpaka 5. Amalembanso maganizo ake. Akafufuta bukulo pa mndandanda, nyenyezi zija zimapita. Mawu amene analemba aja amapitanso.

N'cifukwa cake munthu wanzeru sathamanga. Asanadine, amayamba wadzifunsa: "Kodi ndikucotsa shelefu, kapena ndikucotsa buku?" Mwana akamagwira foni ya mkulu, ayambe wafunsa mwini wake.

Mawu atsopano

Mndandanda: maina olembedwa motsatana.
Shelefu: malo oikapo mabuku.
Kufufuta: kucotsa cimene cinalembedwa.

Mafunso

1. Kodi mashelefu osafufutika ndi angati?
2. Buku la Kalulu lili pa mashelefu ati?
3. Shelefu ikacotsedwa, mabuku amapita kuti?
4. Cimatayika n'ciyani buku likafufutidwa?

Nchito ya kunyumba

Nchito iyi sifuna kompyuta. Mwana ajambule madengu awiri pansi ndi kamtengo. Dengu lina likhale la "Nthano", lina la "Masamu". Atole timiyala 6, tikhale mabuku. Aike timiyala 4 m'dengu loyamba, 2 m'dengu laciwiri. Kenaka afufute dengu limodzi ndi phazi. Makolo amufunse kuti: "Timiyala tatsala tingati?" Mwana awerenge mokweza.