Croydon, Kwawo kwa Ndege Zakale

Malo ake

Croydon ili kumwera kwa mzinda wa London, ndipo wokwera sitima yothamanga pa Victoria amatsika pa East Croydon patatha mphindi pafupifupi 20. Kale inali tauni ya m'chigawo cha Surrey, koma mu 1965 anaiphatikiza ku London. Anthu ake ndi pafupifupi 390,000. Za mashopu ndi nyumba zosanja za maofesi sitichedwapo, poti zimenezo n'zofanana kulikonse. Ambiri a ife tinaidziwa Croydon chifukwa cha Lunar House, nyumba ya boma yoona za anthu olowa m'dziko, kumene kwa zaka zambiri alendo ankafola ndi mapepala m'manja, mtima uli m'mwamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena atapeza mapepalawo anakhazikika komweko, nabereka ana, koma mbiri ya dera limene akukhala anawo ndiwo akuidziwa, makolo ayi.

Zimene ana amaphunzira

M'sukulu za ku England, ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri amaphunzitsidwa zinthu zimene zinachitika kale kwambiri, zoti amene anaziona anatha kupita. Chimodzi mwa zitsanzo zimene boma linapereka kwa aphunzitsi ndi kuuluka kwa ndege yoyamba. Motero mwana woti mano a ubwana sanathe kuguluka amakuuzani za Wilbur ndi Orville Wright, pachibale pawo, amisiri a njinga a ku Dayton ku America. Pa 17 December 1903, kufupi ndi Kitty Hawk, Orville anauluka masekondi 12 okha, mtunda wa mamita 37, pa ndege ya matabwa ndi nsalu. Ana amaseka akamva kuti ulendo wonsewo unali waufupi kuposa bwalo la mpira. Koma pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi, mu July 1909, Louis Blériot anaoloka nyanja kuchokera ku France mpaka ku England.

Kwina konse nkhanizi zimathera m'buku. Mwana wa ku Croydon ali ndi mwayi, chifukwa zotsatira zake zinachitikira kuseri kwa nyumba yawo.

Bwalo la pa Purley Way

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, asilikali anatsegula bwalo la ndege ku Beddington kuti azithamangitsa ma Zeppelin a Ajeremani amene ankaponya mabomba pa London. Pafupi pomwepo, ku Waddon, anamanga fakitale ya ndege ndi bwalo lake. Nkhondo itatha anaphatikiza mabwalo awiriwo, ndipo pa 29 March 1920 Croydon inakhala khomo lalikulu la ndege zopita ndi kuchokera kunja. Pakati pa mabwalowo panadutsa msewu wa Plough Lane, ndiye ndege ikafuna kuoloka pankaimirira munthu ndi mbendera yofiira kuimitsa ngolo ndi magalimoto. Nkhani imeneyi ana saiiwala, ngakhale aiwale zaka zonse.

Ndege zitayamba kuchuluka m'mwamba, panafunika wina woziyang'anira kuti zisawombane, makamaka pa nkhungu ya ku London. Ntchito yolondolera ndege pa wailesi, imene lero ili pa bwalo lililonse kuphatikizapo Chileka ndi Lumbadzi, inakulira pa Croydon. Mu 1928 anatsegula nyumba yatsopano ya apaulendo m'mbali mwa msewu wa Purley Way, yokhala ndi nsanja ya olondolera pamwamba pake ndi hotela pambali. Kampani ya Imperial Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1924, inali ndi likulu la maulendo ake pamenepo. Wapaulendo aliyense ankakwera pa sikelo ngati thumba la chimanga pa msika, kaya ndi bwana kaya ndi dona, chifukwa ndege za nthawiyo sizinkanyamula mwachisawawa. Bwalo lenilenilo linali la udzu.

Anthu otchuka anaponda udzu umenewo. Winston Churchill anaphunzirapo kuyendetsa ndege, ndipo mu 1919 anagwa nayo, napulumuka. Mu May 1927 Charles Lindbergh, atangooloka nyanja ya Atlantic yekha, anatera pa Croydon ndipo anthu oposa 100,000 anathamangira kukamuona.

Koma amene ana amamukonda kwambiri ndi Amy Johnson. Anali mtsikana wa ku Hull, mlembi mu ofesi ya maloya ku London, amene ankaphunzira kuuluka pa nthawi yake yopuma, naphunziranso kukonza injini ndi manja ake. Pa 5 May 1930 ananyamuka pa Croydon yekhayekha m'kandege ka Gipsy Moth kotchedwa Jason, omuperekeza ali owerengeka. Pa 24 May anatera ku Darwin ku Australia, atayenda mamailosi pafupifupi 11,000, mkazi woyamba kuchita zimenezo yekha. Pobwerera kwawo, khamu lomulandira linadzaza bwalo. Ndi mmene anthu alili: ponyamuka sakuonani, pobwera ndi ulemu aliyense ndi mbale wanu. Ndipo bambo amene amauza mwana wake wamkazi kuti sipanala ndi ya amuna, apite naye ku Science Museum ku London akaone kandegeko, poti kalipo mpaka lero.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, bwalo la Croydon linaphulitsidwa ndi mabomba pa 15 August 1940, ndipo nkhondoyo itatha linachepa. Nyumba zinali zitalizungulira, polikuza panalibe, ndipo ndege zazikulu zinasamukira ku Heathrow. Ndege yotsiriza ya apaulendo inanyamuka pa 30 September 1959 kupita ku Rotterdam.

Osunga mbiri

Nyumba ya 1928 ija ikadalipo, dzina lake Airport House, ndipo kutsogolo kwake anaimikapo ndege ya mtundu wa Heron. M'nsanjamo muli kanyumba ka mbiri kamene amakayendetsa anthu ongodzipereka a bungwe la Historic Croydon Airport Trust, ndipo amatsegula Lamlungu loyamba la mwezi. Anthu amenewa ndiwo ndimawapatsa ulemu. Salandira malipiro, ambiri ndi a imvi, koma amaimirira tsiku lonse kuyankha mafunso a tiana. Kwathu ntchito imeneyi inali ya agogo madzulo pa moto, ndipo tikuitaya ndi manja athu. Ana athu ku Ndirande ndi ku Kawale amapinda mawaya n'kupanga galimoto ndi ndege, ndi luso loti amisiri a njinga aja akanalizindikira, koma ndi akuluakulu angati amene anawatengerapo ku nyumba ya mbiri ya pa Chichiri, kapena kuwauza za ndege za Wenela zimene zinkanyamula agogo awo pa Chileka kupita ku migodi?

Mbali ina ya bwalo la Croydon lija anamangapo nyumba za Roundshaw, ndipo misewu yake anaitcha mayina a oyendetsa ndege, monga Mollison Drive ndi Lindbergh Road.

Njira ya ku Africa

Gawo ili aphunzitsi a ku Croydon sachedwapo, ndiye kholo la Chimalawi kapena la ku Zambia liwonjezere lokha. Mu 1932 Imperial Airways inatsegula njira yochokera ku Croydon mpaka ku Cape Town, ulendo wa masiku oposa khumi, wosinthasintha ndege ndipo pena wokwera sitima ya pamtunda. Ndegezo zinkatera ku Mbeya, ku Mpika, ku Broken Hill kumene lero ndi Kabwe, ndi ku Salisbury kumene lero ndi Harare. Nyasaland inalambalalidwa, koma tindege ta kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways tinkalumikiza Blantyre ndi Salisbury. Nyanja yathu inadzalandira ndege zochokera ku England mu 1949, pamene ndege za BOAC zotera pamadzi zinayamba kuima ku Cape Maclear pa ulendo wa ku South Africa. Izo zinkanyamukira ku Southampton, osati ku Croydon, ndipo zinaleka kubwera mu 1950.