Vanishi akakana kuuma

Ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ngakhalenso ku Mchesi ku Lilongwe, matebulo ndi makabati amanyezimira m'mbali mwa msewu moti wodutsa sangalephere kucheuka. Koma ogula ena akafika kunyumba amapeza nsalu ya patebulo yamatirira, chala chikusiya chidindo, fumbi nalo lakakamira.

Vanishi wamafuta sauma ngati madzi. Tapentaini amene ali m'katimo amauluka msanga, koma mafuta otsalawo amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya. Ndiye kalipentala akapaka mochindikala kuti amalize kamodzi, pamwamba pamachita kachikopa, pansi n'kukhalabe phala.

Vuto lalikulu limayambira pa mankhwala osinthira mtundu wa thabwa, aja amapaka pa paini kuti azioneka ngati mlombwa kapena mbawa. Amafunika kupaka, kupukuta otsala ndi kansanza, kenako kudikira tsiku lathunthu. Kasitomala akamafunsa m'mawa ndi madzulo kuti "atha liti, amisiri?", kudikirako n'kumene kumadumphidwa, ndipo mlanduwu si wa mmisiri yekha. Ena amasungunula vanishi ndi parafini poti ndi wotchipa, chonsecho parafini amachedwa kuuluka. Chinyezi cha dzinja ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julaye zimangowonjezera mavuto.

Ngati tebulo lanu likumata, musafulumire kutaya mtima. Ikani tebulolo pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osati padzuwa lamphamvu, chifukwa vanishi amatuluka matuza. Nthawi zambiri amalimba yekha. Ngati akungomata pang'ono, pukutani ndi kansanza konyowetsa ndi tapentaini, mutayesa kaye pamalo obisika.

Akakanirirabe, musapakenso wina pamwamba: mungotsekera wofewa uja m'kati. Palani yense mpaka thabwa lioneke. Sandipepa abwere pambuyo, chifukwa pa vanishi wofewa amangodzaza n'kusiya kukhula, ndipo pokhula tsatirani mizere ya thabwa. Mukatero pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, n'kumadikira kuti woyamba alimbe.

Nsanza zonyowa ndi mafutawa musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni panja imodziimodzi.

Inu ogula, musanatulutse ndalama dinani ndi chala chachikulu pamalo osaonekera kwambiri, n'kununkhiza. Chala chikamata, kapena fungo likamaboola m'mphuno, siyani katunduyo agone kwa mmisiri masiku ena.