Zining'a za Chingerezi

Chinenero cha boma m'dziko lathu la Mozambique ndi Chipwitikizi. Koma m'maiko onse 6 amene tinachita nawo malire, Chingerezi chimagwira ntchito m'maofesi ndi m'masukulu. Dalaivala wodutsa pa Cuchamano kupita ku Harare amachimva. Wantchito wopita ku Johannesburg amachimvanso.

Ife tikati "mnzanga wanditsina khutu", palibe khutu limene latsinidwa. Tikunena kuti watiuza nkhani mwamseri. Tikati "walemba m'madzi", palibe amene wagwira cholembera. Mawu otere timawatcha zining'a. Chingerezi nachonso chili ndi zining'a zake. Munthu akazimasulira liwu ndi liwu amasokera.

Tiyeni tione zinayi.

"Give me a hand." Mawuwa pawokha akuti "ndipatse dzanja". Koma wonenayo sakufuna moni. Akupempha kuti umuthandize ntchito, monga kukweza thumba m'galimoto.

"Keep an eye on it." Mawuwa akunena za kuika diso pa chinthu. Tanthauzo lake ndi kuyang'anira. Mnzako akakusiyira katundu ndi mawu awa, usachoke. Katunduyo akasowa, mlandu ndi wako.

"Pull up your socks." Mawuwa akuti "kweza sokosi zako". Kapitawo akakuuza chotere, usawerame kuyang'ana kumapazi. Akukuchenjeza kuti ntchito yako siikukondweretsa, ulimbikire. Amene samva chenjezo ili, mawa ntchito imamuthera.

"Under the table." Mawuwa akuti "pansi pa tebulo". Tanthauzo lake ndi kupereka ndalama mobisa, popanda risiti. Kawirikawiri chimenechi ndi chiphuphu. Wina akakuuza kuti ulipire motere pa chipata cha malire, kana. Funsa risiti. Chiphuphu chimabera anthu onse.

Tsono tichite chiyani tikamva mawu achilendo? Choyamba, tione zimene zikuchitika pamalopo. Ngati mawu sakugwirizana ndi zimene maso akuona, mwina ndi chining'a. Chachiwiri, tifunse. Kufunsa si umbuli. Chachitatu, tilembe mawuwo m'kope ndi kuwabweretsa kuno, kuti anzathu nawonso adziwe. Zimene waphunzira mmodzi zikhale za gulu lonse.

Tikambirane

1. Tchulani zining'a zitatu za kwanu ndi matanthauzo ake.
2. Kapitawo akati "pull up your socks", akufuna chiyani?
3. N'chifukwa chiyani tiyenera kufunsa risiti?