Impso Zanu Mukamaliza Kumwa Mankhwala a Hepatitis C

Hepatitis C imadziwika ngati matenda a chiwindi, koma kachirombo kake kamavulazanso impso. Kakakhalitsa m'magazi, thupi limapanga mapuloteni ena otchedwa cryoglobulin, amene amakanirira m'timitsempha tosefa magazi mu impso n'kutitupitsa. Zikatero, mapuloteni ndi magazi zimatuluka limodzi ndi mkodzo, ndipo mphamvu ya impso imatsika pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu.

Kodi kuchira kumathandiza impso?

Mankhwala amakono amamwedwa kwa milungu 8 mpaka 12 ndipo amachiritsa anthu oposa 95 mwa 100 alionse. Kachiromboka kakatha, ambiri mwa anthu amene impso zawo zinatupa chifukwa cha iko amapezako bwino: mapuloteni mumkodzo amachepa, ndipo mphamvu ya impso imasiya kutsika kapena imakwerako pang'ono. Komabe mbali ya impso imene inasanduka kale chipsera sibwerera mwakale. Komanso ngati muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, matendawa angapitirize kuwononga impso ngakhale kachirombo katatha.

Kodi mankhwalawa ndi oopsa ku impso?

Kale madokotala ankazengereza kupereka sofosbuvir kwa anthu a impso zofooka kwambiri, chifukwa zotsalira zake zimachoka m'thupi kudzera mu impso. Mu 2019, bungwe la FDA la ku America linavomereza kuti odwala otere, ngakhale amene amasefedwa magazi ndi makina, angamwe mankhwalawa osachepetsa mlingo. Ribavirin ndiye amafuna kusamala, pakuti amaunjikana m'thupi impso zikafooka ndipo amachepetsa magazi. Ngati mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga TLD, uzani dokotala. Mankhwala ena a hepatitis C, monga ledipasvir ndi velpatasvir, amachulukitsa tenofovir m'magazi, choncho impso ziyenera kuyezedwa pafupipafupi. Musasiye ma ARV mwa inu nokha.

Zoyenera kuchita mukamaliza

- Pakatha milungu 12, kayezetseni magazi kuti zitsimikizike kuti kachirombo katha.
- Pemphani kuti akuyezeni creatinine m'magazi ndi mapuloteni mumkodzo. Kuchokera pa creatinine amawerengera eGFR, nambala yosonyeza mphamvu ya impso. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa 3, impso zili ndi matenda okhalitsa ndipo ziyenera kuyezedwa kamodzi pachaka kapena kuposa.
- Pewani ibuprofen, diclofenac ndi zitsamba zosadziwika bwino, ndipo chepetsani mchere.
- Dzitetezeni ku masingano ndi malezala ogwiritsidwa kale ntchito. Hepatitis C ilibe katemera, ndipo munthu wochira angaitengenso.

Pitani kuchipatala msanga ngati nkhope kapena mapazi zatupa, mkodzo uli ndi thovu kapena magazi, mukukodza pang'ono kuposa kale, kapena m'miyendo mwatuluka timadontho tofiirira.